Chimene Sichinalembedwe, Foni Singachipeze

Maliro anali atatha. Abale ochokera ku Katete ndi ku Petauke anali kumanga katundu wawo, ndipo ife a mphakati tinatsalira pang'ono kuti tithandize kubweza mabenchi ku tchalitchi. Nyumbayo inali ku Chamboli mumzinda wa Kitwe, imodzi mwa nyumba zija zimene kale zinali za kampani ya migodi. Malemuwo anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zambiri, ndipo imfa inawapeza kunyumba usiku. Akuluakulu a banja atakhala pansi kuti akambirane za kutsogolo, mafunso anayamba kutsatana. Kodi pepala lija anapereka apolisi lili ndi yani? Chikalata cha nyumba chili kuti? Nanga za penshoni adzayambira pati?

Mdzukulu wina, mnyamata wa sukulu ya sekondale, anatulutsa foni yake nanena mwaulemu kuti, "Agogo, musade nkhawa. Masiku ano zonse zili pa intaneti. Ndingolemba dzina la agogo aamuna, zonse zituluka." Analembadi dzinalo. Chimene chinatuluka chinali chithunzi chimodzi cha pa ukwati wa wachibale chimene wina anaika pa Facebook. Pamenepo mayi wamasiye uja anadzuka mwakachetechete, nalowa kuchipinda, nabwera ndi chitini chakale cha mabisiketi. M'chitinimo munali NRC ya malemu, mapepala a malipiro a ku mgodi, kalata yowagulitsa nyumba, malisiti a ku khonsolo ndi makadi a ubatizo a ana onse. Banja lonse linapumira m'mwamba.

Mnyamata uja sitinamuseke, pakuti sananame kotheratu. Zinthu zambiri zimene makolo athu ankazikwerera basi mpaka ku Lusaka, lero zikutheka munthu ali pakhonde la nyumba yake. Koma intaneti ili ngati nkhokwe: umatapamo chimene munthu wina anathiramo. Ngati mwana sanalembetsedwe, ngati nyumba sinasinthidwe dzina, ngati mlandu sunalembedwe m'buku la apolisi, foni ya mtengo wapatali chotani singathe kuzitulutsa. Tiyeni tsono tione zimene zimapezeka, zimene sizipezeka, ndi khomo loyenera kugogoda.

Lipoti la ku polisi limayambira pa kauntala

Achinyamata amene amaonera mafilimu a ku America amaganiza kuti munthu angalembe dzina la mnzake pa kompyuta ndi kuwerenga milandu yake yonse. Kumeneko alipodi madera ena amene amaika poyera mabuku a makhoti ndi mayina a anthu omangidwa. Kuno kwathu sizili choncho. Palibe malo pa intaneti pamene mungawerenge lipoti la kuba kumene kunachitika ku Chifubu kapena ngozi imene inachitika pamsewu wa Ndola ndi Kitwe. Lipoti limabadwira pa siteshoni kapena pa positi ya polisi pamene nkhaniyo inakanenedwa, ndipo kumeneko n'kumene limafunsidwa.

Munthu akafika pa kauntala kudzadandaula, wapolisi amalemba nkhaniyo m'buku lalikulu la zochitika limene amalitchula kuti OB. Nkhani iliyonse imalandira nambala yake ndi tsiku lake. Nambala imeneyi ndiyo chingwe chokokera zonse za m'tsogolo, komabe ambiri a ife timachoka pa polisi osaifunsa. Pakapita miyezi itatu timabwerera tikunena kuti, "Ndinabwera tsiku lina nthawi ya mvula, ndinapeza bwana wina wamtali." Bwana wamtaliyo anasamutsidwira ku Solwezi, ndipo buku lija linadzaza kalekale. Choncho musanachoke funsani nambala ya OB, lembani tsiku, dzina la siteshoni ndi dzina la wapolisi amene wakulandirani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kukanena mlandu ku polisi n'kwaulere. Bondi ya polisi, imene imalola munthu womangidwa kukadikira tsiku la khoti ali kunyumba, nayonso ndi yaulere. Chimene chimalipiridwa ndi pepala lolembedwa la lipoti, monga lija amafuna a inshuwalansi galimoto ikachita ngozi, kapena lija amafuna a ofesi ya kalembera munthu akataya NRC. Ndalama imeneyo ndi ya boma, ndipo iyenera kubwera ndi lisiti ya boma. Ndalama yopanda lisiti ili ndi dzina lina limene tonse tikulidziwa.

Pali mapepala ena awiri a ku polisi amene banja lililonse liyenera kuwadziwa. Loyamba ndi fomu ya chipatala, imene apolisi amapereka kwa munthu womenyedwa kapena wogwiriridwa kuti adokotala alembepo zimene aona m'thupi mwake. Fomu imeneyi ndi umboni waukulu ku khoti, ndipo kuchedwa nayo kumafafaniza umboniwo, pakuti mabala amapola. Mbali ya polisi yotchedwa Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1994, ndiyo imaona nkhani za nkhanza za m'banja, za ana ndi za kulanda chuma cha masiye. Lachiwiri ndi pepala la BID, limene limaperekedwa munthu akamwalirira kunyumba kapena panjira asanafike kuchipatala. Popanda pepala limeneli, ku nyumba ya chisoni ya Kitwe Teaching Hospital kapena Ndola Teaching Hospital zinthu siziyenda. M'chipwirikiti cha maliro mapepala otere amalowa m'thumba la jekete la msuweni amene mawa lake wabwerera ku Chipata. Sankhani munthu mmodzi wosunga mapepala kuyambira ola loyamba.

Tizindikirenso kuti fayilo ya kafukufuku wa mlandu, imene amaitcha doketi, si ya wodandaula. Imachoka kwa ofufuza kupita kwa oimba milandu a boma a National Prosecution Authority. Wodandaula ali ndi ufulu wofunsa pamene nkhani yake yafika, koma sangatenge fayiloyo kupita nayo kunyumba. Ngati munthu akuona kuti wapolisi wamuchitira zosayenera, bungwe la Police Public Complaints Commission lilipo kuti lilandire madandaulo otere.

Zimene foni ingachitedi

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsera ntchito za boma pa makompyuta, ndipo ofesi ya Smart Zambia ndiyo imatsogolera ntchitoyi. Khomo lalikulu ndi tsamba la boma lotchedwa ZamPortal. Munthu amalembetsa ndi nambala ya NRC ndi nambala ya foni, amasankha chimene akufuna, ndipo amalipira ndi ndalama za pafoni kapena khadi la ku banki. Pamenepo pali ntchito za bungwe la RTSA monga msonkho wa galimoto, ntchito za ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, za Unduna wa Malo, ndiponso zina za apolisi. Phindu lake lalikulu ndi lakuti ndalama imapita molunjika ku thumba la boma, ndipo lisiti imatsala m'foni mwanu.

Komabe kulipira pa foni sikuthetsa ulendo wonse. Mnyamata wofuna ntchito ku mgodi wa Mopani kapena namwino wofuna kupita kunja amafunsidwa chikalata cha polisi chosonyeza kuti sanapezekepo ndi mlandu. Zala zake ziyenera kudindidwa pamaso pa wapolisi, ndipo zidindozo zimayerekezedwa ndi zimene zasungidwa ku likulu la apolisi ku Lusaka. Chikalatachi chimaperekedwa kwa mwini zala. Simungachipemphe mobisa pofuna kufufuza mnyamata amene akufunsira mwana wanu. Kumeneko ankhoswe akadali ndi ntchito yawo yakale yofunsa kwa anthu odziwa banjalo.

Bungwe la PACRA limasunga kaundula wa makampani onse olembetsedwa m'dziko muno, ndipo kaundulayo angafufuzidwe pa intaneti. Munthu akabwera ku Masala kapena ku Chisokone ndi mapepala okongola, nanena kuti kampani yake ikugulitsa mapuloti kapena ikuchulukitsa ndalama pamwezi umodzi, n'chanzeru kuyamba mwaona ngati kampaniyo ilipodi ndiponso eni ake ndani. Kupezeka m'kaundula sikutanthauza kuti kampaniyo ndi yokhulupirika, koma kusapezekamo kukuuzani zonse zimene mufunika kudziwa.

Ogwira ntchito angathe kuona pa tsamba la NAPSA la pa intaneti ngati abwana awo akuperekadi ndalama zimene amadula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Bungwe la NAPSA linayamba ntchito m'chaka cha 2000, kulowa m'malo mwa Zambia National Provident Fund imene inayamba mu 1966. Pamene boma linalola mu 2023 kuti mamembala atapeko magawo 20 pa 100 alionse a ndalama zawo asanapume pa ntchito, anthu ambiri anatsegula mabuku awo kwa nthawi yoyamba. Ena anapeza miyezi yopanda kanthu, ena anapeza dzina kapena tsiku lobadwa losiyana ndi la pa NRC. Cholakwika chotere n'chosavuta kukonza mwini wake ali moyo. Akamwalira, mkazi ndi ana ndiwo amayenda mpaka nsapato kutha.

Nyumba za ku migodi ndi za khonsolo

Palibe nkhani ya mapepala imene yaliritsa mabanja a kuno ku Migodi kuposa ya nyumba. M'chaka cha 1996 Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu okhalamo, ndipo posakhalitsa nyumba za kampani ya ZCCM nazonso zinagulitsidwa, zambiri mwa izo pochotsera mtengo wake pa ndalama zimene ogwira ntchito anayenera kulandira posiya ntchito. Mabanja zikwizikwi a ku Wusakile, Chamboli, Mindolo, Chimwemwe, Lubuto, Kabushi ndi Chifubu anasanduka eni nyumba. Ambiri analandira kalata yowagulitsa nyumbayo, nalipira, naganiza kuti nkhani yatha. Koma kalata yogulitsira si chikalata cha umwini. Mpaka lero zilipo nyumba zimene zagulitsidwa kawiri kapena katatu pa pepala la m'kope, pamene m'kaundula dzina la mwini wake woyamba silinasinthe.

Malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo pansi pa lamulo la malo la 1995 munthu amapatsidwa lendi ya zaka zosapitirira 99. Kaundula wa zikalatazi amasungidwa ndi Unduna wa Malo, umene uli ndi ofesi yake ku Ndola. M'mwezi wa May 2023 undunawu unayamba kugwiritsa ntchito njira yatsopano ya pa kompyuta yotchedwa ZILAS. Poyamba panali madandaulo ambiri a kuchedwa, koma cholinga chake n'chakuti munthu athe kulipira lendi ya malo, kupempha kusintha dzina, ndi kufufuza puloti pa intaneti. Kufufuzako kumafuna nambala ya puloti, ndipo kumaonetsa dzina la mwini wake, ngongole ya ku banki ngati nyumbayo inaperekedwa chikole, ndi chiletso ngati wina anaikapo.

Chenjezo ndi ili: si nyumba zonse zimene zili m'kaundula wa unduna. Pansi pa lamulo la nyumba la 1974, makhonsolo anali ndi makaundula awoawo a makomboni ena, ndipo m'madera ena anthu ankapatsidwa chilolezo chokhalapo cha zaka 30. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015, koma mafayilo ambiri akadali ku Civic Centre ya Kitwe ndi ya Ndola. Motero ngati nambala ya nyumba yanu sikutuluka pa kompyuta, musathamangire kunena kuti yabedwa. Pitani ku khonsolo ndi kalata yogulitsira ija ndi malisiti onse. Ndipo inu amene mukufuna kugula, musatulutse ngwee musanaone zotsatira za kafukufukuyo ndi maso anu, ndi kuyerekeza dzina lotulukalo ndi NRC ya munthu amene akukugulitsaniyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munabadwira kuti, ndipo umboni wake uli kuti?

Ambiri a ife olankhula Chinyanja kuno ku Migodi ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Fort Jameson, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Nyasaland kudzafuna ntchito ku Nkana, ku Roan Antelope, ku Mufulira ndi ku Nchanga. Makolo amenewo pepala la boma ankalidziwa ngati chitupa, chimene mtsamunda ankaletsera nacho munthu wakuda kuyenda momasuka ndi kumulondola nacho pa msonkho. M'chaka cha 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa poyera. N'zosadabwitsa kuti m'mabanja ambiri munatsala mtima wakuti kulembetsa ndi msampha. Dziko litalandira ufulu, makadi a NRC anayamba kuperekedwa mu 1965 kwa aliyense wokwanitsa zaka 16, ndipo kuyambira 1973 lamulo limafuna kuti mwana aliyense wobadwa ndi munthu aliyense womwalira alembetsedwe. Komabe kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 14 okha ndiwo anali olembetsedwa, ndipo okhala ndi satifiketi yobadwira anali ochepa kuposa apo.

Amene akuganiza kuti nkhaniyi ndi yaing'ono akumbukire atsogoleri awiri oyamba a dziko lino. Chisankho cha 1996 chitatha, otsutsa anapita ku Khoti la Suprimu kukanena kuti a Chiluba sanali oyenera kuima, ndipo khotilo linakhala miyezi yambiri likumva mboni zotsutsana pa funso lakuti anabadwira kuti ndipo bambo wawo anali yani. Chigamulo chinatuluka mu 1998 chowakomera. Chaka chotsatira, mu 1999, Khoti Lalikulu la ku Ndola linagamula kuti a Kenneth Kaunda, amene anabadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali kwa makolo ochokera ku Nyasaland, nalamulira dziko lino zaka 27, sanali nzika ya Zambia. Chigamulocho chinadzachotsedwa pambuyo pake. Ngati funso la kubadwa linagwedeza anthu a maloya ambiri chotero, lingachite chiyani kwa mwana wamasiye wa ku Chipulukusu?

Kale satifiketi yobadwira inkasainidwa ku Lusaka kokha, ulendo wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Ndola. Kuyambira mu 2016 boma linalola kuti ntchitoyi igawidwe m'zigawo, ndipo m'zipatala zambiri mwaikidwa matebulo olembetsera ana. Mu 2022 boma linayambanso kalembera watsopano wa pa kompyuta wotchedwa INRIS, amene amatenga zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope. Koma kaundula ameneyu si buku loti aliyense atsegule pa foni. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2021 limaletsa kugawa mbiri ya munthu mwachisawawa, ndipo n'chinthu chabwino kuti zili choncho.

Pamene satifiketi ya boma palibe, mapepala ena amathandiza kuchitira umboni: kadi ya kusikelo, pepala la chipatala la tsiku lobadwa, mabuku a kusukulu, ndi chikalata cholumbira cha wachibale wamkulu. Apa mabuku a m'maparishi athu ali ndi malo awoawo. Ansembe a chipani cha Afransisko anafika ku dera la Ndola mu 1931, ndipo lamulo la Mpingo limafuna kuti parishi iliyonse isunge buku la ubatizo, la maukwati ndi la omwalira. M'buku la ubatizo mumalembedwa dzina la mwana, mayina a makolo, tsiku ndi malo obadwira. Kadi ikatayika, parishi imene munabatizidwira ingalembe ina kuchokera m'bukumo. Kadiyo silowa m'malo mwa satifiketi ya boma, koma yapulumutsa anthu ambiri amene analibe pepala lina lililonse.

Chuma cha masiye ndi zigamulo za makhoti

Tibwerere ku Chamboli. Chilolezo choika maliro chimene khonsolo imapereka si satifiketi ya imfa. Mabanja ambiri amalekera pa chilolezocho, ndipo amadzadzidzimuka pamene a banki, a NAPSA, a Mukuba Pension Trust ku Kitwe kapena a Workers' Compensation ku Ndola afuna umboni wokwanira. Imfa iyenera kulembetsedwa ku ofesi ya kalembera, ndipo munthu woyang'anira chuma cha malemu ayenera kusankhidwa ndi khoti, osati ndi msonkhano wa pamaliro wokha.

Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira wosasiya wilu limagawa motere: pa 100 alionse, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a malemu, ndipo 10 a ena amene ankadalira malemuwo. Nyumba imene banja linkakhalamo ndi ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atalowa m'banja lina. Woyang'anira chuma saloledwa kugulitsa nyumba popanda chilolezo cha khoti. Apatu m'pamene foni ya mdzukulu uja inagwira ntchito yake yeniyeni. Malamulo a dziko lino ali pa tsamba la Nyumba ya Malamulo, ndipo tsamba la ZambiaLII limaika kwaulere malamulo pamodzi ndi zigamulo za Khoti la Suprimu, Khoti la Malamulo Aakulu a Dziko, Khoti la Apilo ndi zambiri za Khoti Lalikulu. Mnyamatayo anawerenga ndime ya nyumba mokweza, naimasulira m'Chinyanja. Amalume ena amene anali atayamba kale kuwerenga malata ndi maso anangoti kukhosi khokhokho, nkhani n'kusintha.

Tisayembekezere kupeza zonse pamenepo. Milandu ya ku Local Court ndi yambiri ya kwa majisitireti siikidwa pa intaneti. Zolembedwa zake zimafunsidwa ku ofesi ya khoti limene linazenga mlanduwo, ndipo pamafunika nambala ya mlandu. Milandu yokhudza ana imatetezedwa mwapadera. Ndiponso kuwerenga lamulo si kukhala loya. Bungwe la boma la Legal Aid Board lili ndi maofesi ku Kitwe ndi ku Ndola othandiza anthu osauka, ndipo a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere m'parishi angakulozereni njira.

Ufulu wofunsa

Kwa zaka zambiri kalaliki wa boma ankatha kungoyankha kuti, "Zimenezo n'zachinsinsi," nkhani n'kuthera pomwepo. Bilu yopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma inafika ku Nyumba ya Malamulo mu 2002 koma inabwezedwa, ndipo maboma otsatizana ankangolonjeza. Dziko la South Africa linali litakhazikitsa kale lamulo lotere mu 2000, ndipo la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito lake mu 2020. Kuno kwathu Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamuloli mu December 2023, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2024. Tsopano nzika ingalembere ofesi ya boma kupempha zolembedwa zimene ofesiyo ikusunga, monga m'mene ndalama za chitukuko za CDF zagwiritsidwira ntchito m'dera lake. Ofesi ikakana, munthu angadandaule ku Human Rights Commission. Lamuloli lili ndi malire: silitsegula kafukufuku wa apolisi amene akadali m'kati, zinsinsi za chitetezo cha dziko, kapena mbiri ya munthu wina. Koma ufulu wosagwiritsidwa ntchito umachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula. Lembani pempho lanu, sungani kope lake, ndipo pemphani kuti alidinde tsiku limene alilandira.

Akambuku ovala zikopa za nkhosa

Paliponse pamene pali mzere wautali pamabadwa anthu olonjeza njira yachidule. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu odzitcha maejenti, amene amati angakupezereni lipoti la polisi, chikalata cha zala kapena chikalata cha nyumba tsiku lomwelo mukatumiza ndalama pa nambala yawo. Ena amangodya ndalamazo n'kuzimitsa foni. Ena amatumizadi pepala lokhala ndi chidindo chabodza, ndipo wopezeka nalo ndiye amamangidwa. Masamba ambiri a boma enieni amathera ndi zilembo zakuti gov.zm, ndipo boma silandira malipiro pa nambala ya foni ya munthu. Musatumize chithunzi cha NRC yanu kwa mlendo, pakuti angalembetsere nacho simu kapena kutengera ngongole m'dzina lanu. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni isaperekedwe kwa wina aliyense, ngakhale kwa mnyamata wa pa kabuthu amene akukuthandizani kudzaza fomu. Nambala za anthu achinyengo zinenedwe ku polisi ndi ku bungwe la ZICTA.

Palinso tchimo lina limene timalichita tokha. Wina akaona pepala la ku polisi kapena samani ya mnansi wake, amalijambula n'kulimwaza m'magulu a pafoni. Kunenezedwa si kupezeka wolakwa, ndipo dzina la munthu likaipitsidwa silibwerera. Madzi akatayika saoleka.

Chitini cha m'nyumba mwanu

Mayi wa ku Chamboli uja anapita ku khonsolo ndi kalata yake yakale ndi malisiti a zaka zambiri, mdzukulu wake ali pambali ndi foni. Wina ankadziwa kumene pepala lililonse linachokera, wina ankadziwa kulipira ndi kutsata pempho pa intaneti. Aliyense payekha akanalephera.

Tikupempha banja lililonse kuti lisankhe Loweruka limodzi mwezi uno, litsegule chitini kapena sutikesi ya mapepala, bambo ndi mayi ali pamodzi ndi ana okulirapo. Onani ngati mwana aliyense ali ndi satifiketi yobadwira. Onani ngati dzina la pa NRC likufanana chilembo ndi chilembo ndi la ku NAPSA, la ku banki ndi la pa nyumba. Funsani abambo mfumu ngati ukwati wanu unalembedwanso ku boma kapena uli m'buku la parishi mokha. Jambulani pepala lililonse ndi foni, tumizani zithunzizo kwa mwana mmodzi wokhulupirika, ndipo mapepala enieniwo muwakulunge m'pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi madzi a mvula. Abambo amene mumabisa mapepala a nyumba kwa akazi anu, dziwani kuti mukuwabisira anthu amene adzawafune inu kulibe. Ndipo ngati muli ndi kanthu kosiyira ana, lembani wilu pamaso pa mboni ziwiri. Kulemba wilu sikuitana imfa.

Ofesi ya kalembera imatsegula Lolemba m'mawa. Tengani kadi ya kusikelo ya mwana wanu wamng'ono ndi NRC yanu, muyambire pamenepo.